Malonda a pa intaneti sakudyetsa mlembi wa ku Niassa

Ndalama zimene mlembi amapeza pa malonda otsatsidwa patsamba lake la pa intaneti zimayendera thumba la owerenga ake. Makampani otsatsa malonda amapikisana mtengo pa munthu aliyense amene watsegula tsamba, ndipo amalipira bwino ngati munthuyo ali ku London kapena ku Lisbon, komwe angagule katundu nthawi yomweyo ndi khadi la kubanki. Mlimi wa fodya wa ku Itepela, m'boma la Ngauma ku Niassa, m'dziko la Mozambique, akatsegula nkhani yomweyo pafoni yake, amamuwerengera mtengo wotsikitsitsa. Motero mlembi amene anthu ake ali ku Mandimba, Massangulo ndi Cuamba amayamba ntchito ataluza kale, nkhani yake ikome chotani.

Njira imene alembi ambiri odziimira paokha amadalira ndi AdSense, imene kampani ya Google inakhazikitsa mu 2003. Google imaika malonda patsamba n'kugawirako mwini tsambalo. Kwa zaka zambiri gawo la mwini tsamba linali 68 pa 100 iliyonse, ndipo ndalamazo sizitumizidwa zisanakwane madola 100. Tsamba la owerenga ochepa limatha miyezi yambiri lisanafike pamenepo. Palinso vuto la chiyankhulo. Chipwitikizi ndi Chingerezi n'zololedwa mu AdSense, koma Chinyanja, Chiyao ndi Chimakua mulibe. Wolemba m'ziyankhulo zimene anthu a kum'mwera kwa Niassa amayankhula pamsika ndi pamaliro alibe khomo lolowera, pamene Rádio Moçambique ya ku Lichinga yakhala ikuulutsa mawu m'ziyankhulo zomwezo kwa zaka zambiri.

Zochepa zimene zinkabwerazo nazonso zikunka ziphwa. Owerenga anasamukira ku Facebook ndi WhatsApp, ndipo otsatsa malonda anawalondola komweko. Mu 2018 Facebook inasintha kaonetsedwe ka zinthu kuti zolemba za abale ndi abwenzi zizikhala patsogolo pa nkhani za atolankhani, ndipo mu 2023 inatseka Instant Articles, njira imene inkagawirako ofalitsa nkhani ndalama za malonda. Mu 2024 Google inayamba kuika mayankho olembedwa ndi makina pamwamba pa zotsatira za kufufuza, moti munthu amapeza zimene amafuna osatsegula tsamba la amene anazilemba.

Kuno kumadera vutoli lili ndi nkhope yakeyake. Munthu wogula ma mega ochepa ku Movitel, Vodacom kapena Tmcel amawasunga ngati mchere wa m'dzinja, ndipo tsamba lodzaza zithunzi za malonda limawadya msanga. Chimene amachita n'kudikira wina ajambule nkhaniyo n'kuiponya m'gulu la WhatsApp. Nkhani imayenda kuchoka ku Cuamba mpaka ku Lichinga tsiku limodzi, dzina la mlembi litagwa kale panjira, patsamba lake pasanafike munthu. Kukwera kwa mitengo ya intaneti kumene bungwe la INCM, loyang'anira za mafoni ndi intaneti, linalamula mu Meyi 2024, kumene kunaimitsidwa anthu atadandaula kwambiri, komanso kudulidwa kwa intaneti ya pafoni pambuyo pa chisankho cha Okutobala chaka chomwecho, zinaonetsa kuti owerengawo akhoza kusowa tsiku lililonse.

Otsatsa malonda apafupi nawonso ndi ochepa. Mwini golosale ku Mandimba amaona chanzeru kulipira wailesi ya m'dera kapena kuika chithunzi cha katundu wake pa WhatsApp kwaulere. Amene ali ndi ndalama zenizeni, monga mabanki, makampani a mafoni ndi nthambi za boma, amagamula zonse ali ku Maputo, ndipo ndalama zawo zimabwera ndi chingwe. Ku Malawi boma la Bingu wa Mutharika linaletsa nthambi zake kutsatsa malonda m'nyuzipepala za Nation Publications mu 2010. Ku Mozambique nyuzipepala ya @Verdade, imene Erik Charas anayambitsa mu 2008 kuti izigawidwa kwaulere podalira malonda, inafika posiya kusindikizidwa papepala n'kutsalira pa intaneti.

Choipa kwambiri n'chakuti malipiro otere amaphunzitsa mlembi zolakwika. Popeza chowerengedwa n'chiwerengero cha otsegula tsamba, mutu wokokomeza wa nkhani ya woimba wa ku Maputo umalipira kuposa kafukufuku wa mtengo wa thonje ku Cuamba, kasankhidwe ka magiredi a fodya, ngozi za pamsewu wa N13 kapena zimene amalonda ang'onoang'ono amakumana nazo pachipata cha Mandimba ndi Chiponde. Nkhani zoterezi zimafuna ndalama yokwerera galimoto, mayunitsi ndi masiku ofunsa anthu. Zikapanda kulembedwa, mlimi amakagulitsa mbewu zake akungodalira mphekesera, ndipo akuluakulu a boma amagwira ntchito popanda wowafunsa.

Mozambique ili ndi mbiri ya njira ina. Lamulo la atolankhani la 1991 litatsegula mpata, mtolankhani Carlos Cardoso ndi anzake a bungwe la Mediacoop anayambitsa Mediafax mu 1992, nyuzipepala yamasamba ochepa yotumizidwa pa fakisi kwa olipiriratu. Mu 1997 Cardoso anayambitsanso Metical mwa njira yomweyo, ndipo anaiyendetsa mpaka pamene anaphedwa mu Novembala 2000. Mphamvu ya nyuzipepala zimenezi inali yakuti wolipira anali wowerenga mwiniwake. Komabe olipirawo ambiri anali makampani, mabungwe ndi maofesi a akazembe a ku Maputo, amene ku Ngauma kulibe. Chimene chilipo lero ndi M-Pesa ndi e-Mola, zimene zimalola munthu kutumiza ndalama yochepa kuchokera kumudzi kulikonse kofika netiweki. Mabungwe a alimi, aphunzitsi, azaumoyo ndi amalonda a m'tauni ya Cuamba ndiwo angathe kulipira mwezi ndi mwezi, ngati nkhanizo zikukamba za mitengo, misewu ndi maofesi amene amawakhudza.