Mankhwala a mtima safuna phuma

M'chaka cha 1981, katswiri wina ku Canada, Adolfo de Bold, adatenga timadzi ta m'mitima ya makoswe nkubaya makoswe ena. Makoswewo adayamba kukodza kwambiri, mchere ukutuluka, ndipo BP yawo idatsika. Apa mpomwe zidadziwika kuti ntchito ya mtima sikupopa magazi kokha. Magazi akauchulukira, mtima umatulutsa homoni yotchedwa ANP, yomwe imauza impso kuti zitaye madzi ndi mchere.

Vuto nlakuti ANP sikhalitsa m'magazi. Pakangotha mphindi zochepa thupi limakhala litaiphwanya. Nchifukwa chake akatswiri a ku Mayo Clinic, m'dziko la America, akhala akuisintha m'labotale kuti izilimba. Pa tizidutswa 28 tomwe timapanga ANP adaonjezapo 12 nkupeza MANP. Adapanganso cenderitide polumikiza CNP, yomwe ndi mbale wake wa ANP, ndi kachidutswa ka homoni yopezeka mu ululu wa njoka yobiriwira ija ya green mamba, yomwe kuno kwathu ilikonso.

Izi nzopatsa chiyembekezo kwa mabanja omwe akudwazika kholo lotupa miyendo ndi kubanika. Koma chinthu chikachita bwino pa khoswe kapena galu, sindiye kuti chasanduka mankhwala.

Nkhani ya nesiritide njokwanira kuchenjeza aliyense. Mankhwalawa, opangidwa motengera homoni inanso ya mtima, adaloledwa ku America mu 2001, ndipo zipatala zidawathamangira. Mu 2011 kafukufuku wa odwala oposa 7,000 adaonetsa kuti sachepetsa imfa ngakhale kubwereranso kuchipatala. Zaka khumi, ndalama zankhaninkhani! Omwe adadzathandizadi ndi Entresto, ololedwa mu 2015, omwe mwa zina amaletsa thupi kuphwanya msanga homoni za mtima. Apa panali patapita zaka 34 chibayireni makoswe aja.

Tsono ngati akatswiri okhala ndi zipangizo zonse amatenga nthawi chonchi, munthu wogulitsa mabotolo pamsika kapena m'basi, namati amachiziratu BP m'sabata imodzi, umboni wake adautenga kuti? Choopsa nchakuti ena akagula botololo amasiya mapiritsi a kuchipatala, BP nkukwera mwakachetechete mpaka kufa ziwalo.

Bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira mankhwala m'dziko muno, liyenera kufika m'misika ya m'maboma nkufunsa ogulitsawa kuti aonetse chilolezo cha zomwe zili m'mabotolomo.