Disk ya VM ikadzala, tisathamangile format

Pali mau amodzi amene timathamangila kukamba kompyuta ikayamba kuvuta: "Ingocitani format." Foni ikalema, format. Laputopu ikayamba kucedwa, format. Manje cizolowezi ici tafika naco mpaka ku ma virtual machine, ma VM aja amene ambili a ife timayikamo Ubuntu, Kali olo Windows Server pophunzila IT na networking. VM ikakamba kuti malo asila, timaifuta n'kupanga ina. Mnzathu akatipatsa VM yopangidwa mu VMware pomwe ise tili na VirtualBox, timati siingagwile nchito, n'kuyamba kudaunilodanso. Ise tiona kuti uku ni kutaya ndalama na nthawi pacabe, cifukwa zida zokulitsila disk ya VM na zoisinthila ku mtundu wina zilipo, ni zaulele, ndipo munthu angaziphunzile madzulo amodzi.

Tiyambe na cinthu cimene ambili sitimacipenyetsetsa. VM ni kompyuta imene ikhala mkati mwa kompyuta ina, ndipo hard disk yake ni fayilo cabe, monga nyimbo olo filimu ili mu folda. Kusiyana kuli pa mtundu wa fayiloyo. VirtualBox imapanga VDI. VMware imapanga VMDK. Hyper-V ya Microsoft imaseŵenzetsa VHD na VHDX: VHD imalekezela pafupi na 2 TB, pomwe VHDX, imene inabwela na Windows Server 2012, imafika 64 TB. QEMU na KVM za pa Linux zimakonda qcow2. Palinso raw, imene ni disk yosavala ciliconse, byte iliyonse pamalo pake. Zamkati mwa mafayilo onsewa ni zimodzimodzi: ma partition, system, na nchito yanu. Casiyana ni thumba limene akulungilamo, ndipo thumba lingasinthidwe popanda kutaya katundu.

Nanga n'cifukwa ciani tikuumilila nkhani imeneyi? Coyamba ni bundle. ISO ya Windows imadya ma GB angapo, ndipo mukaiyika pamabwelanso ma update, ma driver na mapulogilamu onse amene munali nawo. Amene ali na intaneti ya ku ofesi sangamve kuŵaŵa, koma ise amene timadikila bundle ya usiku tidziŵa mtengo wake. Caciŵili ni nchito imene ili mkati. VM imene mwaseŵenzelapo miyezi itatu ili na ma setting amene simungawakumbukile onse. Pa mawailesi ang'onoang'ono, m'masukulu na m'tumaofesi kaŵilikaŵili mumapezeka pulogilamu yakale imene anaiyika munthu wina amene anacoka kale, installer inasoŵa, ndipo palibe amene adziŵa kuiyikanso. Pamalo otelo format siikonza kanthu, imangomaliza kuwononga.

Cacitatu ni cakuti makampani amasintha maganizo. VirtualBox inayambidwa na kampani ya ku Germany yochedwa Innotek, Sun Microsystems inaigula mu 2008, kenako inapita ku Oracle mu 2010. VMware inagulidwa na Broadcom mu November 2023, ndipo posakhalitsa Broadcom inaleka kugulitsa malaisensi ogula kamodzi, n'kuika makasitomala pa dongosolo lolipila nthawi na nthawi. Mabungwe ambili padziko anayamba kufunafuna kosamukila, ena ku Proxmox, ena ku Hyper-V. Mu 2024 kampani imodzimodziyo inapanga Workstation Pro na Fusion Pro kukhala zaulele. Conco m'kanthawi kocepa malamulo anatembenuka kaŵili, kwina moipila ogula, kwina mowakomela. Ise sitili pa tebulo pamene amapangila zosankha zimenezi. Cimene cili m'manja mwathu ni kudziŵa kunyamula disk yathu n'kupita nayo kwina tsiku limene mtengo wasintha.

Cida cimene tingakonde kuti aliyense acidziŵe ni qemu-img. Cimabwela na QEMU, pulogilamu yaulele imene Fabrice Bellard wa ku France anayamba mu 2003, ndipo cimagwila nchito pa Linux, Windows na macOS. Mukalemba qemu-img info mayeso.vmdk cimakuuzani mtundu wa fayilo, kukula kumene VM imaona, na malo enieni amene fayiloyo yadya pa laputopu yanu. Manambala aŵiliwa amasiyana, cifukwa disk ya 50 GB imene imakula pang'onopang'ono ingakhale ikudya 12 GB cabe. Kusintha mtundu ni mzele umodzi: qemu-img convert -p -f vmdk -O qcow2 mayeso.vmdk mayeso.qcow2. Mukafuna VDI, lembani vdi pambuyo pa -O. Kamsampha kamodzi: VHD mu qemu-img imachedwa vpc, dzina locokela ku Virtual PC yakale. Amene aphunzila cyber security adzaona phindu lake msanga, cifukwa Metasploitable 2 imabwela monga VMDK, ndipo mzele umodzi uja umaikonzekeletsa kuti iyende pa KVM olo Proxmox.

Amene ali na VirtualBox ali kale na cida cina cochedwa VBoxManage. Lamulo la clonemedium limakopa disk n'kuilemba mu mtundu wina, ndipo VBoxManage modifymedium disk Ubuntu.vdi --resize 51200 limakulitsa disk kufika 50 GB, popeza nambala imaŵelengedwa mu MB. Mu qemu-img, nchito yofananayo ni qemu-img resize Ubuntu.qcow2 +20G.

Apa m'pamene ambili amakhumudwa. Amakulitsa disk, amayatsa VM, n'kupeza kuti malo akali osila monga poyamba, ndiye amati cidaco ni caboza. Cidaco cacita mbali yake. Cili monga kugula puloti ya pafupi n'kusuntha mpanda: bwalo lakula, koma cipinda cimene mumagonamo cikali cimodzimodzi mpaka mutasuntha cipupa. Cipinda ni partition na file system za mkati mwa VM. Pa Windows tsegulani Disk Management n'kusankha Extend Volume. Ngati ikana, kaŵilikaŵili ni cifukwa cakuti recovery partition yakhala pakati pa C: na malo atsopano. Pa Linux, growpart imakulitsa partition, kenako resize2fs imakulitsa ext4, olo xfs_growfs ngati muli pa XFS. Amene safuna kulemba malamulo angayatse VM na ISO ya GParted Live n'kukoka na mouse.

Kukulitsa n'kosavuta, koma kucepetsa n'koopsa. Disk imadulidwa kucokela kumapeto, ndipo ngati kumeneko kunali data, yapita. N'cifukwa cake qemu-img imakana kucepetsa pokhapokha mutaonjezela --shrink, ndipo musanatelo mufunika kuyamba mwacepetsa file system na partition mkati mwa VM. Nthawi zambili cimene tifuna kweni-kweni ni kuti fayilo ileke kudya malo pa laputopu, ndipo iyo ni nchito ina. Mumadzaza malo opanda kanthu na ma zero, pa Windows na sdelete -z, pa Linux na zerofree, kenako VBoxManage modifymedium --compact imafinya VDI. Pa qcow2, convert imene imalemba fayilo yatsopano imadumpha ma zero aja yokha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimitsani VM kothelatu musanakhudze disk yake, osati kuisiya pa pause olo pa saved state. Ngati ili na ma snapshot, yambani mwawaphatikiza olo pangani clone yathunthu, cifukwa snapshot iliyonse imadalila fayilo ya pansi pake. Ndipo kopani fayilo yonse pa external drive musanayambe. Kuno kwathu ici si cosankha: tonse tikumbukila mmene malaiti anali kupitila mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, ndipo malaputopu ambili amene timagula ogwilapo kale nchito ali na batili yotopa. Convert ili na ubwino wakuti imaŵelenga cabe fayilo yakale n'kulemba ina, conco malaiti akapita mumangoyambanso. Resize na compact zimalemba pa fayilo yeniyeniyo. Onaninso kuti muli na malo okwana mafayilo aŵili, ndipo kumbukilani kuti flash ya FAT32 siilandila fayilo yopitilila 4 GB.

Tisanamizane kuti kusintha fayilo ndiye kuti zonse zatha. Windows imene inazoloŵela hardware ya VMware ingakupatseni blue screen pa KVM cifukwa ilibe ma driver a virtio. Njila yake ni kuyamba mwalumikiza disk monga SATA olo IDE, kuyika ma driver, kenako n'kusintha. VM imene inayikidwa pa UEFI siidzayaka mukaipatsa BIOS yakale. Windows ingafunenso activation cifukwa iona monga yasamukila mu kompyuta ina. Zonsezi zimakonzeka, ndipo zimatenga nthawi yocepa poyelekeza na kuyika zonse poyamba.

Ena adzati zimenezi ni za ma engineer, ise screen yakuda imatiopsa. Tikumvetsa, ndipo zida zodina na mouse zilipo: VirtualBox ili na Virtual Media Manager mmene mungakulitsile disk, ndipo Disk2vhd ya Sysinternals imatenga Windows ya pa laputopu yeniyeni n'kuisandutsa VHD olo VHDX. Ici cathandiza kwambili tsopano pamene Microsoft inaleka kucilikiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo malaputopu akale opanda TPM 2.0 savomelezedwa pa Windows 11: mungayike Linux pa laputopu, Windows yakale n'kuisunga mu VM yosalumikizidwa ku intaneti cifukwa ca pulogilamu imodzi ija. Cimene tikana ni kudaunilodako "converter" yocita crack pa webusaiti yosadziŵika, n'kuipatsa disk imene ili na ma password anu onse, pomwe cida codalilika cilipo caulele. Ena adzatinso nthawi zina format ndiyo yabwino. N'zoona: VM ikagwidwa na virus, olo ngati inali ya mayeso a tsiku limodzi, ifuteni. Koma cikhale cosankha ca munthu amene adziŵa njila zina.

Palinso nkhani ya nchito. Ofesi iliyonse imene ili na seva tsiku lina idzafuna kusamutsa ma VM ake olo kukulitsa disk imene yadzala, ndipo idzafuna munthu wodziŵa kucita zimenezo popanda kutaya data. Odziŵa format ni ambili mu tauni, ndiye mtengo wao ni wocepa. Conco kumapeto kwa wiki ino pangani ka VM ka Linux ka 10 GB kopanda kanthu kofunika, kakulitseni kufika 20 GB, sunthani partition, kasandutseni qcow2, kenako kabwezeni ku VDI n'kuona ngati kayaka. Kakakana, ŵelengani uthenga wa error bwinobwino, funsani mnzanu wa m'kalasi olo wa pa gulu la WhatsApp, ndipo mukapeza yankho muonetsenkoni wina amene anali pafupi kucita format.