Odziwa miyala ndi odziwa mitengo ayendere limodzi ku Chongoni

Alimi anzanga, ine ndimalima kachewere ndi nyemba m'munsi mwa phiri la Chongoni kuno ku Dedza, ndipo nkhani yanga lero ndi ya mjigo. M'mudzi mwathu anatikumbira mjigo ndipo tinavina, koma patangotha zaka zitatu unayamba kuphwa mu Okutobala. Amene anabwera kudzauona anati vuto ndi mwala wa pansi. Ena anabwera padera nati vuto ndi mitengo imene tinadula kumtunda. Anthu awiriwa sanakumane, ndipo amayi akutungabe madzi kudambo.

Ndaganizira nkhaniyi ndipo ndaona kuti onse ananena zoona. Mapiri athu ndi a mwala wa granite, umene sumwa madzi. Madzi a mjigo amakhala m'ming'alu ya mwalawo ndi m'mwala wofumbutuka umene uli pansi pa dothi. Kupeza malo otere ndi ntchito ya wophunzira za miyala. Koma kuti madzi alowe m'ming'alumo, mvula iyenera kudekha pa nthaka, ndipo chimene chimaidekhetsa ndi mitengo, udzu ndi mizere yotsata akalozera. Apa mpamene pafunika wophunzira zachilengedwe. Phiri likakhala lambee, madzi amathamanga n'kukumba zigwembe m'minda mwathu, mjigo n'kutsala wouma.

Sukulu zophunzitsa zimenezi tili nazo. Ku Zomba, University of Malawi imaphunzitsa za miyala, ndipo likulu la nthambi ya boma yofufuza miyala lili komweko. Ku Bunda, LUANAR imaphunzitsa za nthaka, nkhalango ndi zachilengedwe. Ku Thyolo kuli MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo ili ndi sukulu ya zanyengo ndi miyala. Pakhomo pathu pompano pali Malawi College of Forestry and Wildlife.

Pempho langa ndi lakuti ophunzira a mbali ziwirizi azibwera pa ulendo umodzi, agone malo amodzi, ayende mtsinje umodzi kuchokera kumutu mpaka kudimba, kenaka alembe lipoti limodzi. Wa miyala amuonetse mnzake pamene dothi lili lopyapyala pamwamba pa thanthwe, malo amene angagumuke. Wa zachilengedwe amuuze mnzake mtengo kapena udzu umene ungagwire dothi pamalopo. Zimene zinachitika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala n'kupha anthu ambiri, zitikumbutse kuti phiri ndi nkhalango ndi nkhani imodzi.

Chongoni ndi kalasi yokonzeka kale. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malo 127 a zojambula za pamiyala kuno m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi, kuphatikizapo Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zofiira anajambula Akafula, zoyera anajambula makolo athu Achewa. Zojambulazo zili pa mwala, koma moto wolusa ndi utsi zikafika pamapangapo zimaonongeka. Kuzisamala kufuna nzeru zonse ziwiri.

Ena adzati ndalama zoyendera n'zochepa ndipo sukulu iliyonse ili ndi ndondomeko yake. Ndikuvomera. Koma basi imodzi yonyamula magulu awiri siidya mafuta ngati mabasi awiri, ndipo mjigo wophwa ndi ndalama zotayika kale. Mutu umodzi susenza denga.

Ifenso alimi tili ndi mbali yathu. Ndife timadziwa kasupe amene anaphwa ndi chaka chimene anaphwera. Ophunzirawo akabwera tiwaperekeze, ndipo tiwapemphe kuti zimene apeza adzatifotokozere m'Chichewa pabwalo la amfumu, alangizi ali pomwepo, mvula isanagwe.