Jekete ya Salaula Sicinga Moto

Anyamata athu ocita mpikisano wa mamotoka mu Lusaka amataya ndalama zambiri pa matayala ndi injini, koma covala amakasankha pa salaula ku Kamwala. Jekete ikangokhala ndi cizindikilo ca Ferrari, kwa iwo zakwana. Ife tikuti iyai. Majekete ambiri otere ndi a nailoni, ndipo nailoni ikapsa imasungunuka n'kumamatira pakhungu.

Mu 2020 ku Bahrain, Romain Grosjean anakhala m'moto masekondi pafupifupi 28, natuluka wamoyo, atapsa m'manja. Suti yake inali yoyesedwa pa moto. Pogula, tiyang'ane cizindikilo ca FIA 8856-2018 kapena SFI 3.2A/5. Magolovesi, nsapato ndi zamkati nazonso zikhale zosagwira moto. Ngati ndalama zacepa, matayala atsopano ayembekeze.