Nkhanza kwa okalamba ku Mzimba zitheretu

Dziko lonse linaona zimene zinachitika kumanda m'dera la Inkosi Kampingo Sibande, m'boma la Mzimba, mu Disembala 2022. Amayi okalamba anakakamizidwa kukwirira manda, ntchito imene mwambo sunawapatsepo. Mmodzi mwa iwo, wa zaka zoposa 70, anamenyedwa ndi kukankhidwira m'dzenje. Ankawanena kuti analodza mbale wawo amene anamwalira ku South Africa.

Omenya anali ochepa. Oonerera anali khamu, ndipo palibe amene anaima pakati kuti aleretse. Dzanja limene likanadzutsa mayiyo linagwira foni n'kumajambula. N'zoona kuti kanemayo ndiye anaulula mlanduwo, koma n'zochititsa manyazi kuti gogo wa ku Mzimba achite kuonetsedwa pa Facebook kuti aboma amve kulira kwake.

Ife tikunena mosapsatira kuti nkhanza imeneyi sinabadwire kumanda. Inakulira pakhomo. Imayamba pamene mwana atukwana agogo ake makolo n'kuseka, pamene nkhalamba ipatsidwa nsima yotsala, pamene anthu aleka kuilonjera chifukwa maso ake ndi ofiira ndi utsi wa nkhuni. Pofika tsiku la maliro, mudzi umakhala utaweruza kale.

Mzimba amadziwa bwino ngongole imene ali nayo kwa amayi amenewa. Chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana amakwera mabasi paboma ndi pa Jenda kupita ku Joni kukafuna ganyu. Ana awo amatsala ndi yani? Amawasambitsa, kuwaphikira ndi kuwaperekeza kuchipatala usiku ndi gogo yemweyo. Amalima munda wa mwana wake amene sanatumize kalikonse kwa miyezi. Koma bokosi likafika kuchokera ku Johannesburg, palibe amafunsa zimene madokotala analemba. Chala chimaloza iye amene alibe mphamvu zobwezera.

Tisanamizane. Ambiri mwa amene amatchedwa afiti ndi amasiye osauka, ndipo kawirikawiri kuseri kwa dzinalo kumakhala mkangano wa munda kapena nsanje ya pachibale. Munthu wachuma, wa ana amphamvu pakhomo, sakankhidwira m'manda.

Malamulo alipo. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ulemu wa munthu aliyense. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Komabe mu 2021 komiti yapadera younika malamulo inalangiza kuti boma livomereze kuti ufiti ulipo. Uphungu wotere umangolimbitsa mtima anthu onyamula zibonga, ndipo boma liukane poyera.

Mafumu sangadzichotse m'nkhaniyi. Manda sakumbidwa nyakwawa isanalole, ndipo maliro sayenda iyo isakudziwa. Nyakwawa imene ikhala chete mayi wokalamba akumenyedwa pamaso pake yataya udindo wake. Chaka chilichonse Angoni amasonkhana paphiri la Hora pa mwambo wa Umthetho, kunyadira khalidwe lolemekeza akuluakulu. Ulemu umenewo uoneke m'midzi ya Mzikubola, Mabulabo, Mzukuzuku ndi Khosolo masiku onse, osati mu Ogasiti mokha. Tikuyembekeza Inkosi ya Makosi M'mbelwa V kulanga poyera nyakwawa iliyonse yolekerera zotere.

Mipingo nayo iyankhe. Uthenga wa chifundo walalikidwa ku Embangweni kwa zaka zoposa 100, ndipo maliro ambiri m'bomali amayendetsedwa ndi akulu a mpingo ndi amayi a mvano. Kodi nyimbo ingapitirire bwanji kumanda munthu akuzunzidwa pambali? Mbusa amene aona zimenezi aimitse mwambo, ateteze wozunzidwayo ndi thupi lake lomwe.

Asing'anga ndi aneneri amene amalandira ndalama kuti atchule wolodza ndi amene amayatsa moto umenewu. Dzina limene amanong'oneza m'kachipinda kawo limasanduka magazi kumudzi. Lamulo la 1911 limawakhudza iwonso, koma ndi angati amene anaimapo pamaso pa woweruza?

Apolisi a paboma ndi a pa Jenda asamadikire kanema. Mphekesera za ufiti zimamveka maliro asanaikidwe, ndipo makomiti a chitetezo cha m'midzi amazimva. Afike msanga, akhalepo mpaka anthu atabalalika. Oganiziridwa akagwidwa, milandu isafere m'mafailo. Chigamulo chilengezedwe m'mudzi momwe nkhanzayo inachitikira, kuti onse amene anaonerera amve.

Khonsolo ya M'mbelwa ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ziuze dziko kuti okalamba angati athamangitsidwa m'midzi yawo, akugona kuti, ndipo adzabwerera liti m'nyumba ndi m'minda yawo.