Mukuopa chigoba, inu a kwawo kwa Gule?

Mng'ono wanga amuimitsa kwaya. Sanabe, sanaledzere, sanapereke mimba kwa mwana wa eni. Mlandu wake ndi tisheti yakuda imene anagula pa kaunjika, yojambulidwa anthu asanu ndi anayi ovala zigoba, pamwamba pake patalembedwa kuti Slipknot. Anaivala Loweruka lina popita kukagula makala pamsika wa Likuni, ndipo pofika Lachitatu nkhani inali itawapeza kale akuluampingo, yoti mnyamata wa kwa amayi aja walowa za satanic. Amayi atabwera kuchokera kumene anawaitanako anangofikira kukhala pakhonde, nsapato osavula. "Iweyo ndi amene umam'patsa nyimbo zimenezi," anatero. Sindinakane. Ndine ndinamuikira mufoni nditabwera ku holide ndili chaka chachitatu ku koleji, ndipo lero ndikufuna ndiyankhe mlanduwo poyera.

Tiyambe ndi anthu a patishetipo, poti amene akuweruza sanafunse n'komwe kuti ndi ndani. Slipknot ndi gulu loimba heavy metal la mumzinda wa Des Moines, m'chigawo cha Iowa ku America, ndipo linayamba mu 1995. Chimbale chawo chimene chinawatchukitsa chinatuluka mu 1999, chotchedwa dzina la gulu lomwelo, kenako mu 2001 anatulutsa china n'kuchitcha Iowa, dzina la kwawo. Amakwera pasiteji atavala maovolosi ofanana ngati anthu a pafakitale, aliyense ndi chigoba chake, ndipo poyamba aliyense anali ndi nambala yake, kuyambira 0 mpaka 8. Kuwonjezera pa woimba ng'oma wamkulu, pali ena awiri amene ntchito yawo ndi kuguguda ng'oma ndi migolo yachitsulo. Nyimbo zake n'zaukali, sindikubisa. Ndi ukali wa mnyamata wokulira m'tauni yopanda chochita, wodzimva kuti palibe akumuona. Mnyamata wa ku Chinsapo amene ali ndi MSCE yake m'chikwama koma akupalasa kabaza sangavutike kuumva ukali umenewo, ngakhale Chingerezi chake chitam'dutsa.

Tsono chimene chikundiseketsa, kuseka kowawa, n'chakuti mantha onsewa abwera chifukwa cha chigoba. Chigoba, kuno? Kuno kumene ukangotsika kumapita kumidzi ya kuseri kwa Likuni nthawi ya chilimwe umakumana ndi zilombo mumsewu masanasana, ana n'kumwazikira m'makumbi? Ine si wometa ndipo za kudambwe sindizilankhula, koma zimene zimachitika pabwalo aliyense amaziona ndi maso. Gule Wamkulu amadziwa kuopsa, amadziwa kuseketsa, amadziwanso kunyoza wamphamvu osamutchula dzina. Simoni ndi nkhope yake yofiira ija anatulukira kuti atsanzire mzungu wopsa ndi dzuwa. Maria anatengedwa m'tchalitchi mwenimweni n'kubwera naye pabwalo. Makolo athu anazindikira kalekale kuti pali zinthu zina zimene nkhope ya munthu singanene, zimafuna nkhope ina. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo boma limamutenga kukavina pamaso pa alendo. Ndiye azungu asanu ndi anayi a ku Iowa atulukira mochedwa nzeru imene agogo anga anabadwa n'kuipeza, ife n'kuyamba kunjenjemera?

Ndikudziwa chimene ena anene: kuti Guleyonso ndi wa mdima, bola zonse zipite. Mkangano umenewo si wa lero. Amishoni atafika kuno zaka zoposa 120 zapitazo analimbana ndi nyau kwa nthawi yaitali, kulandana ana pakati pa sukulu ndi dambwe. Koma taonani kumene nkhaniyo inakathera. Ku Mua, pamishoni penipeni, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli zigoba za Gule zoposa 400, zosungidwa mwaulemu, chilichonse ndi tanthauzo lake. Wansembe anakhala pansi n'kufunsa kuti chinthuchi chikunena chiyani. Akuluampingo athu sanafunse funso limeneli ngakhale kamodzi. Anangoona chakuda, basi.

Sindikufuna kunama ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika. M'nyimbo za metal muli amene amaseweradi ndi zizindikiro za Satana. Gulu la Ghost la ku Sweden woimba wake amavala ngati papa wa nkhope ya chibade, dala, pofuna kugwedeza anthu opemphera. Ku Norway mu 1992 achinyamata ena a black metal anafika potentha matchalitchi, ndipo ena anakalowa kundende. Zimenezo zinachitika, ndipo Mkhristu ali ndi ufulu wonse wokana kumvera nyimbo zotere, monganso ine ndili nazo zina zimene ndimadumpha. Koma kukana nyimbo utaimva ndi chinthu china, kuweruza mwana wa mnzako chifukwa cha malaya a pa kaunjika ndi chinthu chinanso. Pa kaunjika pomwepo ndinaonapo agogo ena atavala juzi yolembedwa mawu otukwana a Chingerezi akupita ku mapemphero a amayi. Palibe anawaimitsa.

Mfundo yachiwiri imene anauza amayi ndi yoti nyimbo zaphokosozi n'zachilendo, si chikhalidwe chathu. Apa ndiye pandipweteka kwambiri, chifukwa zikuonetsa kuti za kwathu komwe sitizidziwa. Kuchokera pa Likuni kukafika ku Mchinji ndi ulendo wa maola ochepa, ukadumpha malire uli ku Chipata, ndipo msewu womwewo umakakutula ku Lusaka. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1970, kunali mnyamata wotchedwa Paul Dobson Nyirongo. Tamvani dzinalo, Nyirongo, ngati mnzathu wa m'kalasi. Anthu anam'patsa dzina loti Paul Ngozi chifukwa cha zimene ankachita pasiteji, mpaka kuliza gitala ndi mano. Gulu lake linali Ngozi Family, ng'oma akuimba Chrissy Zebby Tembo. Mu 1976 anatulutsa chimbale chotchedwa Day of Judgement, mu 1977 n'kubwera ndi 45,000 Volts. Ikani chilichonse mwa ziwirizi pa sipika: gitala yake ndi yokhakhala, yolemera, yolira ngati chigayo cha dizilo, m'bale wake weniweni wa Black Sabbath ya ku Birmingham. Pamwamba pa phokoso limenelo munthuyo akuimba Chinyanja, chilankhulo chomwechi ndikulemba pano, kungosiyana kalankhulidwe ka ku Lusaka. Ankaimba za moyo wa m'makomboni, za umphawi, za khalidwe. Anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40, ndipo ku Lusaka kuli msewu wa dzina lake.

Sanali yekha. Kunali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, kunali Amanaz, kunalinso gulu lotchedwa WITCH. Ee, mwawerenga bwino, dzina lake limatanthauza mfiti, ngakhale iwo ankati zilembozo zikuimira We Intend To Cause Havoc. Woimba wawo Emmanuel Chanda anatchedwa Jagari chifukwa ankadumpha ndi kudzipinda pasiteji ngati Mick Jagger. Lazy Bones!! ya mu 1975 ndi chimodzi mwa zimbale zimene osonkhanitsa nyimbo kunja amazisaka. Gulu limenelo likanakhala la pa Likuni lero, bwenzi titalitentha kale. Koma Jagari ali moyo, wadutsa m'mavuto mpaka kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adye, ndipo atakalamba wabwereranso pasiteji. Mu 2023 WITCH inatulutsa Zango, mu 2025 n'kutulutsa Sogolo, mawu athu omwe aja oti tsogolo.

Nanga bwanji ife kuno tinalibe Paul Ngozi wathu? Yankho lili m'ndale, osati m'magazi. Ku Zambia, Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za m'dzikomo, ndiye magulu anaphuka ngati bowa. Kuno tinali ndi wailesi imodzi, MBC, ndi lamulo la censorship la mu 1968. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Ngakhale nyimbo yofatsa ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa cha dzina lokha. M'dziko lotero ndani akanayerekeza kuluma gitala? Chimene ambiri akuchitcha chikhalidwe chathu lero, chija chomati woimba wabwino ndi wovala suti woimba modekha, mbali yake ina ndi mantha a nthawi ya Kamuzu amene tinangowasambitsa n'kuwalowetsa m'tchalitchi.

Pamene ife tikuthamangitsa ana ku kwaya, ena akukolola m'munda mwathu. Kampani ya Now-Again ya ku America ndi imene yakhala ikusindikizanso zimbale za Ngozi Family ndi WITCH. Mu October 2024, Tyler, The Creator anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, ya m'chimbale chake Chromakopia, ndipo mkati mwake anaikamo chidutswa cha Nizakupanga Ngozi kuchokera mu 45,000 Volts muja. Anthu mamiliyoni padziko lapansi anamva Chinyanja tsiku limenelo, n'kumafufuza pa intaneti kuti mawuwo akutanthauza chiyani. Ife tikanawauza mwaulere. Ngozi akudzudzula mlendo kuti akafika pakhomo pa mnzake azikhala ndi ulemu, asamachulutse zokamba, poti zokambakamba zimabala miseche. Komanso Tyleryo, pachimbale chimenechi, wavala chigoba.

Wina anena kuti aise, nkhani ya tisheti yokha mpaka kulemba zonsezi? Kuno mawu oti satanic si nthabwala. Mu 2017 anthu anaphedwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera chifukwa cha mphekesera za anamapopa. Agogo akumenyedwa ndi kutenthedwa m'midzi mwathu chifukwa wina wangoloza chala kuti ndi mfiti. Zonsezi zimayamba chimodzimodzi: munthu waona chinthu chimene sakuchimvetsa, wauza mnzake pa mjigo, mnzakeyo wawonjezera mchere. Sabata ino mayi wina amene wakhala akugula mandasi kwa amayi anga kwa zaka zambiri wadutsa osaima. Ana a pafupi auzidwa kuti asamasewere pakhomo pathu. Mng'ono wanga, amene amaimba tenala ndipo sanajombepo ku pulakatisi, wakhala masiku anayi osatuluka m'nyumba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mwana wanu nayenso amagula pa kaunjika pomwepo.

Sindikupempha aliyense kuti aikonde Slipknot. Amayi anga sadzaikonda mpaka kalekale, ati imamveka ngati agalu akumenyana m'mgolo, ndipo mwina sakulakwitsa kwenikweni. Ndikupempha chimene anachita wansembe wa ku Mua uja, kufunsa kaye musanaweruze. Muitaneni mwanayo, mumufunse kuti anthu awa ndi ndani, akuimba chiyani, iwe ukumvamo chiyani. Mwina akuuzani zinthu za mumtima mwake zimene simunazimvepo chibadwire chake.

Lamulungu likubwerali atiitana kuti tikaonekere tikaweruka mapemphero. Amayi andipempha kuti ndikakhale chete, ndipo ndawalonjeza kuti ndikalankhula mwaulemu, nditagwira chipewa m'manja. Tisheti ija ndaichapa, ndikaitenga kuti akaione bwinobwino pafupi. M'foni ndaikamo kale nyimbo ya Paul Ngozi ija, ndipo akandilola ndikawaikira, poti imeneyo safunika womasulira.