Wothawa ku Ethiopia asamafikire m'ndende

Pa 11 Disembala 2022 anthu a ku Ngwerere, kumpoto kwa Lusaka, anapeza mitembo 27 itatayidwa m'mbali mwa msewu. Onse anali amuna, ndipo apolisi anati ayenera kuti anali ochokera ku Ethiopia. Munthu wina mmodzi yekha ndiye anapezeka akupumira m'mwamba. Miyezi iwiri izi zisanachitike, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba anali atafukula dzenje la mitembo 25, ndipo mu Malichi 2020 ku Tete anatsegula kontena yochokera ku Malawi n'kupezamo anthu 64 atafa chifukwa chosowa mpweya. Tinagwira pakamwa masiku ochepa, kenaka tinabwerera ku nkhani za mtengo wa ufa. Ndani mwa ife angatchule dzina la mmodzi mwa anyamata a ku Ngwerere aja?

Chimene chimandiwawa n'chakuti amene apulumuka pa ulendo wozembetsedwa wopita ku South Africa timawalandira ndi unyolo. Panali nthawi imene makhoti athu kuno ku Zambia ankagamula ena zaka 15 pa mlandu wovomera kuzembetsedwa. Munthu wagulitsa ng'ombe za bambo ake, wafinyidwa m'lole ngati matumba a makala, ndiye tikuti wolakwa ndi iyeyo?

Ena amati onsewa n'ngofuna ndalama ku Johannesburg basi. N'zoona kuti ambiri pa njira imeneyi ndi a Hadiya ndi a Kembata, ofuna ntchito. Koma dziko limene akuchokeralo lili pa moto, ndipo amene akukayika aone zimene zagwera a Oromo, mtundu waukulu kuposa yonse ku Ethiopia. Mu Novembala 2015 zionetsero zinabuka ku Ginchi, anthu akukana kuti mzinda wa Addis Ababa ukule pomeza minda ya alimi. Pofika Juni 2016, bungwe la Human Rights Watch linati asilikali ndi apolisi anali atapha anthu oposa 400. Chaka chomwecho wothamanga Feyisa Lilesa anapingasa manja pamwamba pa mutu ku Rio kuti dziko lonse lione. Abiy Ahmed atakhala nduna yaikulu mu 2018 anthu anati kwacha, koma pa 29 Juni 2020 woimba Hachalu Hundessa anawomberedwa, ndipo ku Wollega nkhondo ya boma ndi gulu la Oromo Liberation Army yapha anthu wamba, mbali zonse ziwiri zikulozedwa chala. Zokambirana za ku Zanzibar ndi ku Dar es Salaam mu 2023 zinatha popanda mgwirizano. Kwa abusa a ku Borana, chilala chinapululutsa ng'ombe mpaka mabanja kutsala manja lende.

Munthu wochokera kumeneko ayenera kufunsidwa kaye chimene wathawa, m'chinenero chimene amamva. Lamulo lathu la othawa kwawo la 2017 limapereka mwayi wopempha chitetezo, ndipo malo monga Meheba ndi Mayukwayukwa alipo. Lamulolo lilibe phindu ngati munthu afika kwa woweruza asanaonane ndi ofesi yoona za othawa kwawo, n'kumangogwedeza mutu pa mlandu umene sakuumva.

Ife a ku Lilanda nkhaniyi isatidutse. Makolo athu anakhala khomo ndi khomo ndi a ANC othawa tsankho ku South Africa, ankatunga nawo madzi pampopi umodzi, akudziwa kuti adani awo akhoza kubwera usiku ndi mabomba. Koma ndi kuno komwe, ku Zingalume ndi ku George, kumene mu Epulo 2016 chipwirikiti chothyola mashopu a anthu a ku Rwanda chinayambira chifukwa cha mphekesera, mpaka ena anakabisala ku tchalitchi cha St Ignatius. Mbiri ziwirizi n'zathu, ndipo yachiwiriyo n'njochititsa manyazi.

Ozembetsa anthu sagwira ntchito kumwamba. Amachita lendi nyumba m'makomboni mwathu muno. Makatani satsegulidwa, geti ndi lokhoma usana wonse, madzulo mnyamata mmodzi amabwera pakantemba kudzagula mabanzi odzaza thumba. Mwininyumba amalandira ndalama n'kutseka pakamwa. Lole siingachoke ku Nakonde kufika ku Lusaka popanda kudutsa pa marodibuloko. Amene amadyerera pamenepa ndiwo ayenera kulowa m'ndende, kaya avala yunifomu kaya ayi.

Boma lathu nalonso lisamachite manyazi. Atsogoleri athu amapita ku Addis Ababa chaka ndi chaka ku misonkhano ya African Union. Dziko limene Kenneth Kaunda analisandutsa pothawira pa omenyera ufulu lili ndi mphamvu yonena poyera kuti kuphana ku Oromia, kwawo kwa a Oromo, kuthe, ndiponso kuti opereka chakudya ndi mankhwala aloledwe kufika kwa ovutika.

Inu a mipingo, pokayendera akaidi funsani ngati muli a ku Ethiopia, muwatengere bulangeti ndi sopo, muwapezere womasulira. Ndipo inu aphungu athu, kafunseni ku Nyumba ya Malamulo kuti anyamata 27 a ku Ngwerere anali ndani, ndipo anawataya pamsewu paja ndani.